Chijekete cha a Hamza

Ku Dedza kuno, munthu akangolandira pasipoti, nkhani inkafika kwa a Hamza abale ake asanamve n'komwe. A Hamza anali telala wa pakhonde lina pafupi ndi msika, ndipo matenda awo anali amodzi: sankapirira kuona munthu akumwaza ndalama pa ulendo wakunja. Ukapita kukasoketsa zipi, n'kulakwitsa kutchula kuti mwezi wamawa ukupita ku Joni, thalauzalo uliiwale. Makina ankaima, magalasi ankatsikira pamphuno, sukulu n'kuyambika.

"Mukwera chiyani?"

"Basi, a Hamza."

"Mwaganiza bwino. Basi yoyenda mpaka kucha ndi nyumba yogona yaulere. Nanga mudya chiyani?"

"Ndizigula m'njira."

"Ndiye mwasauka kale! Chakudya cha pa boda chimadziwa kuti mulibe kothawira. Phikani kachewere, kazingani mtedza. Ndipo mnyamata woyamba kukuthamangirani kuti akusinthireni ndalama, mum'patse moni basi. Sinthani kwa amene wakhala pansi."

Ine Jestina ndimagulitsa zitenje ndi nsapato khomo loyandikana nalo, choncho maphunziro amenewa ndinawamva mpaka makutu kuwawa. Zina ndinkaseka, koma ndisaname, zambiri zinkathandiza. Tikiti ugule kudakali nthawi. Ukatsika basi usakwere takisi ya pachipata, uyende pang'ono. Pasipoti uyijambulitse, pepalalo uliike thumba lina. Ukasowa kogona ufunse kumene kuli mzikiti kapena tchalitchi, chifukwa anthu opemphera amadziwa malo otchipa.

Koma chimene chinawatchukitsa ndi chijekete chawo. Anachisoka okha ndi nsalu yokhuthala ngati ya tenti, ndipo m'kati monse munali matumba okhaokha. Aakulu kumsana, aatali m'mbali, ang'onoang'ono m'khwapa, ena m'kati mwa anzawo. Palibe anawawerengapo n'kumaliza. Nzeru yake ankaifotokoza mosaseka.

"Sikelo imayeza chikwama. Munthu samuyeza. Ndiye katundu wolemera muzivala."

Chijeketecho ankabwereketsa kwa aliyense, Msilamu kaya Mkatolika, osalipiritsa. Lamulo linali limodzi lokha. Ukabwerako uyenera kukhala pabenchi ya pakhonde paja n'kuwafotokozera ulendo wonse, kuyambira pamene unakwera mpaka pamene unatsika, osadumpha ngakhale mtengo wa chimbudzi.

Benedicto wa ku Kaphuka ndiye anayamba kupita nacho ku Joni. Ananyamuka kuno kukuzizira, iye akunyada kuti wafunda. Koma njirayo imadzera ku Tete, ndipo amene anadutsako akudziwa kutentha kwake. Kuvula sakanatha, poti chuma chake chonse chinali m'matumbamo. Anafika ku Joni ataonda. Kachewere wophika amene anamuika m'thumba la kumsana anali atamutsamira njira yonse mpaka kusanduka phala.

"A Hamza, munatsala pang'ono kundipha," anadandaula atabwerako.

"Katundu munalipira?"

"Ayi."

"Njala inakupwetekani?"

"Ayi, ndinkakomba ndi supuni."

"Ndiye mukudandaula chiyani?"

Inenso chinandigwera. Ulendo wanga woyamba wa pandege, wokaoda nsapato ku Dubai, ndinabwerera nditavala theka la katundu. Ndinkayenda miyendo ili tang'a, manja osafika m'mbali. Pamakina ounikira anthu pabwalo la ndege anandiuza kuti ndivule chijeketecho, ndipo mayi wina wa yunifolomu anayamba kutulutsa nsapato m'matumba. Anatulutsa, anatulutsa, mzere wonse uli maso pa ine, mpaka anaitana mnzake kuti adzaone. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala. Ndinafika ku Dedza nditakonzeka kuwalalatira.

"Anakulipiritsani?"

"Ayi, koma manyazi, a Hamza!"

"Manyazi alibe lisiti, mayi. Khalani pansi, muyambe ndi m'mene ndege imanyamukira."

Ankamvetsera maso atatseka, chala chikusisita tepi yoyezera imene inkakhala m'khosi mwawo. Ankafunsa tinthu toti iwe sunatiganizire n'komwe. Madzi akumwa aulere ali mbali iti? Mabenchi ake munthu angagonepo? Chijekete chinafika ku Dar es Salaam, ku Lusaka, mpaka ku China, koma mwini wake kutali kumene anafikako ndi ku Ulongwe, kutsidya kwa malire kuno, ndipo anapita panjinga.

Sikuti sankafuna kuyenda. Mafunso onsewo ankakonzekera ulendo umodzi wokha, wa ku Makka. Chiyambire unyamata wawo ankasunga pang'onopang'ono kuti adzachite Haji asanamwalire, ndipo tonse pamsika tinkadziwa. Vuto linali lakuti nzeru zawo zomwe zija ndi zimene zinkawachedwetsa. Chaka chilichonse okonza ulendowo akalengeza mtengo, a Hamza ankapukusa mutu.

"Wakwera dala. Tidikire chaka chamawa, utsika."

Akazi awo, a Nasra, mayi wosalankhulalankhula koma wa lilime lakuthwa, ankawayankha akutsira tiyi.

"Bambo, ndege si tomato wa ku Chimbiya woti dzuwa likapendeka atsika mtengo."

Mtengo sunatsike. Kwacha ndiyo inkatsika, ndipo ndalama zimene zikanawafikitsa ku Makka kalekale zinayamba kuthera m'njira. Ndevu zinayera, maso anayamba kuvuta ulusi kulowa m'singano. Ife tinasiya kuseka nkhani imeneyi pamaso pawo, chifukwa tinkaona kuti ikuwadya mumtima.

Kenako chaka china a Nasra anachita zawo. Anagulitsa ng'ombe zimene anawasiyira bambo awo, ana anasonkhapo, ndipo anawatenga a Hamza ngati mwana wopita ku sikelo kukalipira. A Hamza anabwerako akudandaula kuti awabera, koma nkhope ikuwala.

Masiku amenewo ndinawapeza akupinda nsalu ziwiri zoyera, zosasoka paliponse.

"Izi mukusokera ndani?"

"Izi sizisokedwa, mayi. Ndi zimene mwamuna amavala pa Haji. Ina m'chiuno, ina paphewa. Singano siyidutsapo."

"Opanda thumba?"

"Ngakhale limodzi."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu amene anasokera Dedza yense matumba, ulendo wake umodzi wokhawo akayenda wopanda thumba!

"Sekani," anatero. "Akuti lamba amalola. Koma lamba ndi thumba limodzi, munthu angakhale bwanji ndi thumba limodzi? Komabe chijekete chikandifikitsa pabwalo la ndege. Kuyambira pamenepo Mwini wake akudziwa."

Kuzizira kwa chaka chimenecho kunabwera msanga. A Hamza anayamba ndi chifuwa, n'kukana kupita kuchipatala ati ndi chimfine wamba. Pamene ankavomera n'kuti chibayo chitakhazikika. Anamwalira anzawo a ulendo atayamba kale kutsanzikana ndi abale. Mwa mwambo wawo anaikidwa tsiku lomwelo, ndipo a Nasra anandiuza kuti nsalu ziwiri zija zinali pakati pa nsalu zimene anawakulungamo. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbuka kuseka kwanga kuja ndimadzimvera chisoni.

Okonza ulendo anasunga malowo, ndipo chaka chotsatira a Nasra anapita limodzi ndi mwana wawo wamkulu. A Nasra ananyamuka atavala chijekete pamwamba pa zovala zawo, chikuwafika m'mawondo. Anabwerako matumba onse atadzaza zipatso za tende, zimene anagawira aliyense amene anabwerekapo chijeketecho. Benedicto analandira za m'thumba la kumsana, zophwanyika.

Atatha kugawa, a Nasra sanapite kunyumba. Anakhala pabenchi paja, moyang'anana ndi makina amene anali ataphimbidwa ndi chitenje, n'kuyamba kufotokoza mokweza. Anayambira pa minibasi ya ku Lilongwe. Ananena kumene kuli madzi aulere, mabenchi ogonapo, kutentha kwake, unyinji wa anthu, ndi m'mene anatchulira dzina la a Hamza m'mapemphero awo. Ife tinangoima pamakomo athu, osadziwa koloza maso. Pomaliza anapukuta nkhope n'kunena kuti, "Chikwama anayeza, ine sanandiyeze. Koma bambo, mtengo uja wakweranso."

Chijeketecho chikadalipo, chili pamsomali m'sitolo ya mwana wawo, ndipo anthu akubwerekabe. Pakhonde paja pano pali mnyamata wogulitsa mafoni, waulemu ndithu, koma ukamuuza kuti ukupita kunja amangoti muyende bwino. Mwezi wathawu ndinabwerako ku Dar es Salaam nditapeza malo ogona otchipa zedi, kuseri kwa mzikiti wina. Ndinatsika minibasi ndi nkhani yanga ili m'kamwa, ndinayenda mofulumira mpaka pabenchi paja, kenako ndinangopachika chijekete pamsomali n'kukatsegula sitolo yanga.