Anyezi Wakwera, Mwini Wake Watsala

Inu, tamverani! Kuumira kulipo kwamitundumitundu, koma kwa a Ernest Garside n'kwa mtundu wakewake. Ndakhala nawo moyandikana makomo zaka zambiri kumpoto kuno kwa Mangalande, ndipo ndikulumbira, kathumba kamodzi ka tiyi amakaviika Lolemba, n'kukayanika pazenera kuti Lachiwiri kagwirenso ntchito.

Bambo amenewa ali ndi zinthu ziwiri zapamtima. Choyamba ndi khadi la achikulire, lija lotsitsa mtengo wa sitima. Chachiwiri ndi anyezi. Mayi Doreen, akazi awo, amabwera pachitatu, ndipo eni ake amadziwa.

Ndiye chaka chathachi a Ernest analima anyezi woti ukamuona umavula chipewa. Kukula kwake ngati mutu wa mwana wa sukulu! Kukazizira ankamufunditsa bulangete, m'mawa ankamupatsa moni. Cholinga chinali chimodzi basi: chikho cha mpikisano wa ndiwo zamasamba mumzinda, chimene a Stanley Birtles, mdani wawo kuyambira paunyamata, ankangochitenga chaka ndi chaka ngati n'cha kwawo. Lamulo la mpikisanowo silisintha. Anyezi akhale ali patebulo teni koloko isanakwane, ikakwana chitseko amatseka, kaya ulire kaya ugwade.

Lachisanu la mpikisanolo iwo ndi mayi Doreen anadzuka m'mamawa, a Ernest atanyamula anyezi m'bokosi ngati khanda. Anali atagula matikiti aja ophatikiza sitima ndi basi yamumzinda, otsika mtengo chifukwa cha khadi lija, ndipo njira yonse ankadzitama.

"Mwaona mayi? Anzathu akutaya ndalama, ife tikuyenda mwanzeru."

"Ndamva bambo. Mwanena kale pasiteshoni, mwanenanso pampando uno."

Pasitima zinayenda bwinobwino. Atatsika anakaima pamzere wa basi, a Ernest kutsogolo kwenikweni. Basi itafika anaika tikiti pamakina, makina aja n'kulira kuti piii, nyali yofiira n'kuyaka.

Dalaivala anali mtsikana wa ndolo pamphuno. Anayang'ana tikitiyo n'kumwetulira.

"Pepani achikulire, mwafulumira. Yotsika mtengoyi pabasi imayamba hafu pasiti naini. Mukafuna kukwera pano, lipirani yonse."

"Ndilipire kawiri? Ine?"

"Kapena mudikire. Kwatsala pang'ono."

A Ernest anaganiza zoichedwetsa basiyo mpaka nthawi ikwane. Anayamba kupisa m'matumba onse, la jekete, la buluku, la malaya, kufunafuna chinthu chimene sanataye. Anamufunsa dalaivala kwawo, anamufunsa ngati makolo ali bwino. Kenako anatembenukira kumbali, n'kupotokola mivi ya wotchi yawo mwakachetechete.

"Taonani mwananga, yakwana! Wotchi iyi inali ya malemu bambo anga, sinanamepo."

"Ndiye muwauze makinawa, achikulire. Bambo anuwo sakuwadziwa."

Anthu akuno sakalipa, inu mukudziwa. Amangotsonya n'kuyang'ana kumwamba. Koma tsiku limenelo mzere wonse unatsonya pamodzi ngati kwaya. Ndipo pakati pa mzerewo panatuluka mawu amene a Ernest amawadziwa ngakhale ali kutulo.

"Ernest mnzanga, zavuta? Ndikulipirire, usachite manyazi. Ine kuthandiza ovutika ndimakonda."

A Stanley! Atanyamula kabokosi kawo, kumwetulira mano onse pamtunda.

Apa ndiye zinthu zinaonongekeratu. A Ernest akanalipira, a Stanley akanati alipira chifukwa cha manyazi. Akanalola kulipiriridwa, bola kufa. Anakweza chibwano n'kunena kuti, "Ine ndili ndi tikiti. Ndidikira nthawi yanga ngati munthu wolemekeza malamulo. Tiyeni titsike mayi."

"Tsikani nokha," anatero mayi Doreen. Anagunditsa khadi lawo la kubanki pamakina, nyali yobiriwira n'kuyaka, kenako n'kulanda bokosi lija m'manja mwa amuna awo. "Anyezi salipira eti, mwananga?"

"Salipira mayi, bola asakhale pampando."

Chitseko chinatsekeka, basi n'kunyamuka. A Ernest anatsala pasiteji manja ali lende, tikiti ili kudzanja.

Chakudza sichiimba ng'oma, abale. Mvula inayamba, ndipo ambulera anali m'chikwama cha mayi Doreen. Pafupi pomwepo panali malo omwera tiyi, otentha bwino, koma mukuganiza a Ernest angagule tiyi wa m'tauni? Anakabisala pakhonde la sitolo ina patsidya pa msewu, maso ali pawotchi yaikulu ya pasiteshoni, poti yawo ija anali ataisokoneza okha.

Nthawi itakwana anawoloka mothamanga, n'kupeza pasiteji pali mzere wautali wa agogo okhaokha. Onsewo anali a makhadi odikira hafu pasiti naini, anangotuluka m'makona monse ngati ngumbi. A Ernest analunjika kutsogolo pamalo pawo paja. Gogo wina wamng'ono thupi anawatchinga ndi ndodo.

"Mzere ukuyambira uko, bambo."

"Mayi, ine ndinali pano kalekale!"

"Munali. Pano alipo ndani? Ine."

Kuno ukhoza kukhululukidwa zambiri, koma kudumpha mzere ayi, amakukumbukira mpaka pamaliro ako. A Ernest anapita kumapeto akupepesa aliyense amene ankamudutsa. Basi inabwera, agogo anakwera mmodzimmodzi, aliyense kupereka moni kwa dalaivala ndi kudandaula za mvula. Atafika pakhomo a Ernest, dalaivala anakweza dzanja.

"Yadzaza bambo. Ina ikubwera."

Sanaidikire. Anauyatsa wapansi, munthu wa mawondo olira ngati chitseko chakale, mvula ikuwakwapula. Pofika kuholo ya mpikisano anapeza chitseko chili chotseka. Anakakamira mphuno pagalasi la zenera, n'kuona oweruza atazungulira anyezi wawo, wina akumuyeza ndi chingwe, wina akupukusa mutu posakhulupirira. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe, makamaka ataona nkhope ya a Stanley itagwa ngati buledi wonyowa.

Chitseko chitatsegulidwa anamva wolengeza akufuula kuti, "Chikho cha chaka chino chapita kwa amene anaika anyezi uyu patebulo, mayi Doreen Garside!"

M'manja munaombedwa. Mtolankhani wa nyuzipepala ya m'deralo anawajambula mayiwo atakumbatira chikho, n'kuwafunsa chinsinsi cholimira anyezi wotere.

"Palibe chovuta," anatero mayi Doreen. "Kungomukweza basi nthawi yabwino."

A Stanley anadzawasisita paphewa a Ernest. "Akazi ako ndi mlimi, mnzanga. Uziphunzirako."

Madzulo ake ndinapita kukawaona. Chikho chinali pashelefu, pamalo pamene pankakhala chithunzi cha a Ernest, dzina la mayi Doreen likuwala. Mwini nkhani ndinawapeza kukhitchini, mapazi ali m'beseni la madzi otentha, akudula anyezi uja, poti mayi anati wopambana saphika. Misozi inali mbwembwembwe mpaka m'chibwano.

"Pepani a Ernest," ndinatero.

"Pepani wa chiyani? Ndi anyeziyu, ngwaukali." Anafwenthera, n'kuloza tikiti imene inali kuuma pazenera pambali pa kathumba ka tiyi. "Komatu mudziwe, pa anthu onse aja, amene sanalipire kawiri ndi ine ndekha."