Nkhondo ya Mbale ya Malemu Edson

Tcherani khutu, inu mapiri a Ntcheu, nanu minda ya kachewere khalani mboni! M'zaka zija mafoni anayamba kulira ngakhale m'matumba a oweta mbuzi, kunabwerera ku Manjawira Chrispin, Njovu Yotsika m'Basi, Mkango Wodzola Mafuta a Azitona, amene anathera unyamata wake akukazinga tchipisi m'sitolo ya Mgiriki ku Joni.

Kumeneko anamva kuti mfumu yakale Alekizanda, akagonjetsa mitundu ya anthu, ankaisiyira miyambo ya Agiriki ndi mizinda yotchedwa dzina lake. Basitu, munthu anatengeka! Khola lake analitcha Krisipiniya, ndipo mbuzi sizinatsutse.

Pa ukwati wa mwana wake Lufina, ngwaziyo inalengeza kuti Agiriki akasangalala amaswa mbale. Tsoka ilo, mbale za pamudzi zinali zapulasitiki zokhazokha. Yoti n'kusweka inali imodzi yokha, yoyera ya maluwa, imene mkulu wake, malemu Edson, anabweretsera mkazi wake Sellina kuchokera kumigodi.

"Alamu!" anafuula Chrispin atakwera pa mtondo. "Perekani mbale, Manjawira alowe m'mbiri ya dziko lapansi!"

Sellina, Chiphaliwali cha ku Champiti, Mthiko Wosabwerera M'mbuyo, anamanga chitenje m'chiuno. "Alamu, ingoikhudzani, Agiriki anuwo adzachita kukuwolani ndi lichero. Akulu anu mapapo anasiya kumgodi, ine anandisiyira iyi."

Ha! Gulu lankhondo la Chrispin, amalume awiri ndi woimba ng'oma, linathawira ku ndowa ya thobwa. Ngwazi inatsala yokha pa mtondo. Inakumbukira mkulu wake akutsokomola, akumasula mbale ija m'bulangete ngati khanda, ndipo manyazi anaigwira.

Mtendere unabwera motere: Sellina anapereka beseni lodzaza mbale zapulasitiki. Chrispin anamenyetsa yoyamba pansi ndi mphamvu zonse za Girisi, koma iyo inanjanja n'kumubwerera pamphumi, phaa! Nthungululu zinalira. Khamu lonse linayamba kuponya, amuna akuvina ngoma, mbale zikudumpha ngati achule, osasweka ndi imodzi yomwe. Kenako amayi anazitola, kuzitsuka, n'kupakuliramo mpunga.

Akwati anadyera m'mbale ya Edson. Ndipo amene anainyamula ndi manja awiri, akuyenda monyang'ama, chotupa chili pamphumi, anali mgonjetsi mwini wake, akukalipira aliyense womuyandikira: "Patukani, inu! Mufuna muswetse mbale ya achimwene?"