Mpira Womaliza wa a Saidi

Lolemba
A Saidi akusiya kiriketi, masewera omenya mpira ndi thabwa. Akuti maondo akana. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwaponyera mpira, iwo n'kumaumenya ngati wawatukwana. Loweruka tiwatsanzike ndi masewera, ndipo popumulira ine ndiwerenge mawu owathokoza. Zofunika: osewera, mipando, thobwa, mipira.

Lachiwiri
Ndikutsegula bokosi la timu. Mmwenye wa sitolo, posamukira ku Lilongwe, anatisiyira mipira isanu ndi umodzi. Watsala umodzi! Iwiri ili m'munda wa mpunga, wina padenga la mzikiti, inayo palibe anaona pomwe inagwera. Yonseyo anasowetsa ndi a Saidi.

Lachitatu
Ndikupita kwawo kukawapempha kuti Loweruka azikamenya mofatsa, mpira usasowe ndisanawerenge mawu anga. Akundipatsa tiyi. "Achimwene, ine ndamva. Koma kaya mkonowu."

Lachinayi
Ahedi akukana kutibwereka mipando ya sukulu. "Ndi msonkhano wa chipani chiti?" Chiyambire matipatewa, ukangotchula mipando anthu amaganiza zandale. Kumsika amayi atatu akundifunsa ngati kudzagawidwa nsalu. Osewera tapezeka asanu ndi anayi, mmodzi wodwala msana.

Lachisanu
Mawu afika masamba anayi. Ndaikamo tsiku lija anaswa galasi la basi n'kupepesa dalaivala ndi chambo. Mayi akunyumba akuti ndichotseko. Sindichotsa. A Saidi, potuluka kumzikiti: "Mofatsa, Inshallah."

Loweruka
Anthu adzaza bwalo, ambiri akudikira nsalu. Thobwa latha tisanayambe. A Saidi akulowa motsimphina, ndevu zoyera, thabwa lomenyera lili paphewa. Ndikuponya mpira woyamba. Phoo! Ukudutsa pamwamba pa mtengo wa mango, ukugwera m'lole ya usipa yopita ku Salima. Lole siikuima. Masewera athera pomwepo, popumulira palibe. Anthu akumwazikana akudandaula za nsalu. A Saidi agwira bondo, akuseka mpaka misozi.

Lamulungu
M'mawa a Saidi akubwera kudzandisiyira thabwa lija. "Sungani, achimwene. Nanga mawu aja munalembamo zotani?" Ndikuyankha kuti ndinalemba kuti sadziwa kumenya mofatsa. "Basi, anthu adzionera okha."
Atapita, ndikuika masamba anayi aja m'bokosi la timu, momwe munkakhala mipira. Akanaumenya mofatsa dzulo, sindikudziwa kuti bwenzi ndikutsanzika ndani.