Ndinakafupa pepala la Tadala ku Indianapolis

Munthu amene anandichititsa manyazi ndi mlamu wanga, a Kachingwe, amuna a mlongo wanga, omwe ndi nesi ku South Bend konkuno. Ndikuwatchula dzina dala, chifukwa kutchalitchi amayenda ngati mngelo.

Nkhani yake ili chonchi. Mwana wawo Tadala amaphunzira udokotala ku Indianapolis, ndipo nthawi imeneyo anali chaka chomaliza, akuapplya residency, kuja dokotala watsopano amakagwira ntchito pansi pa akuluakulu. Akuti masiku ano kukhoza mayeso kokha sikukwanira, amakufunsanso kuti wapublisha chiyani. Ndiye mwanayo anavutika ndi kafukufuku wa matenda a shuga mpaka kuonda, pepala lake n'kutuluka, ndipo anamuitana kuti akalionetse pamsonkhano wa madokotala ku Downtown, pakatikati pa mzindawo.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ntchito yanga ndi kuyendetsa fokolifiti, za mapepala ndikanazidziwira kuti? Ndinafunsa alamu, anthu ophunzira, kuti kodi mwambo wake umayenda bwanji.

"Alamu, imeneyo ndi launch," anatero, osaseka n'komwe. "Ngati ya chimbale cha kwaya kumudzi kuja. Ndipo amene amatsegulira kufupa ndi malume. Ife tili pa shifiti, mukatiimirire."

Inuyo mukanatani? Ndinapempha ofu, ndinapita kubanki kukasinthitsa ndalama kuti zikhale mawani dola okhaokha, ndinabwereka beseni lomwe mayi a kunyumba amakandiramo mandasi, suti ya paukwati ndinaisita ndekha, ulendo. Msewu wonse ndikuyeserera gule ndi mapewa.

Tadala anandichingamira pakhomo n'kundiveka kabaji m'khosi. Anayang'ana beseni.

"Ankolo, what's that for?"

"Uona," ndinatero. Ana okulira kuno iwe ukuwalankhula Chichewa iwo akukuyankha Chingerezi, ndiye sindinafune kutaya nthawi.

Kulowa m'holo, ine kudabwa. Nyimbo palibe, woyendetsa mwambo palibe, ngakhale chakumwa. Mabolodi okhaokha m'mizere, aliyense waima pambali pa pepala lake ngati ogulitsa kaunjika. Buku lomwe ndimayembekezera kulibe, koma chipepala chimodzi chachikulu chokhomedwa ndi mapini. Ndinati mumtima, anthu awa ndalama ali nazo koma kusangalala sakudziwa, lero aphunzira.

Ndiye ndinawerenga mayina pamwamba pa chipepalacho. Kuwerenga ndimatha, musandiderere. Dzina loyamba, Tadala Kachingwe. Kenako ena angapo, ndipo kumapeto kwenikweni dzina lalitali la mzungu. Mtima wanga unadumpha! Kwathu potsekera sukulu ahedi ankaitana mayina kuyambira nambala wani mpaka womaliza, ndipo malo omalizawo ine ndimawadziwa bwino, ndinakhalapo nthawi yaitali osasuntha.

Posakhalitsa kunabwera bambo wina wamagalasi, ali ndi mayi wovala jekete yabuluu. Tadala anawongoka ngati msilikali, n'kundinong'oneza kuti bamboyo ndi pulofesa wake, mwini dzina lakumapeto lija. Ine chisoni kundigwira. Munthu wamkulu chonchi, imvi mbuu, kugonja kwa kamtsikana! Ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, kenako n'kumusisita paphewa.

"Sorry, bwana. Last position is painful, me I know. Next time work hard. Tadala can help you."

Bamboyo kukamwa yasa. Tadala anandiponda phazi, ine n'kuyesa akundiuza kuti nthawi yakwana. Ndinaika beseni pansi, ndinatsegula nyimbo ya kwaya pafoni mpaka pamapeto, n'kulowa m'bwalo. Abale inu, ndinavina! Sitepe kutsogolo, dola m'mwamba, sitepe kumbuyo, dola pamutu pa Tadala. Nthungululu ndinaimba ndekha ndi mawu anga abesiwa, poti panalibe amayi ondithandiza. Holo yonse anthu angotukula mafoni. Nditaona kuti palibe akubwera kudzafupa, ndinati mwina vuto ndi tchenje, ndiye ndinamufumbatitsa mayi wa jekete uja madola kuti naye aponye. Anaponya, mwaulemu, ngati akudyetsa nkhunda.

Kodi ndinalekera pomwepo? Ayi. Ndinakumbukira kuti pa launch malume amagula kope yoyamba asanagule wina aliyense. Ndinayamba kuzula mapini. Chipepala chonse chinandigwera kumutu n'kundifunditsa mpaka m'mawondo, nyimbo ikulirabe m'thumba, ndipo amene anandivundukula anali wachitetezo.

Panja Tadala analira, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti Chichewa amachitha bwinobwino.

"Ankolo, mwandipha! Dzina lomaliza limakhala la mwini kafukufuku, bwana wa tonsefe! Ndi amene akundilembera kalata yondichitira umboni. Ndipo mayi mwawapatsa ndalama aja ndi amene amasankha anthu ku residency imene ndikuifuna ine!"

 Zaka zonse zimene mwana wavutika, ine n'kuzithira m'beseni la mandasi! Ndinabwerera ku South Bend wailesi ili chizimitsire, n'kufikira kwa alamu. Anaseka mpaka kugwa pasofa, akuti zinali zachilamu chabe, samaganiza kuti ndinganyamuledi beseni. Mlongo wanga sanaseke. Anagamula pomwepo kuti amuna ake andipepese ndi nkhuku monga kwathu, yamoyo, yolira, osati ya mufiriji. Alamu anavomera pamaso pa akazi awo.

Miyezi yotsatira foni ikalira ine mtima phaa, kuyesa ndi Tadala akundiuza kuti amukana. Kenako anamuitana ku intaviyu ya residency ija. Akuti atangokhala pansi, mayi uja sanayambe ndi za shuga ayi. Anatsegula kabati, n'kutulutsa dola imodzi, n'kuiika patebulo.

"How is your uncle?"

Naye pulofesa akuti akamamulembera Tadala uthenga, pansi salembanso dzina lake, amangolemba kuti Last Position.

Malo anamupatsa. Iye akuti ndi chifukwa cha pepala lake, ine sindikutsutsa, mwanayo mutu uli nawo. Kungoti mapepala m'holo muja anali mbwee, koma beseni linali limodzi.

Komabe ndinalumbira. Akadzapublisha china, ine ndidzafupira m'nyumba mwanga, chitseko chokhoma, makatani otseka. Ndipo ndikadzaona munthu ali kumapeto kwa mayina, ndidzangomupatsa moni n'kudutsa.

Tadala anayamba kale ntchito. Beseni ndinabweza kwa eni ake. A Kachingwe nkhuku ija sanabweretsebe.