Chaka Chimene Mpunga wa Agogo Unakana Kucha

Amene akuti ndikunama aimirire pompano ndimuone nkhope yake. Iwe Patuma, ndakuona ukubisa mano kuseri kwa ndowa. Seka bwinobwino, koma ukatha undiyankhe: unayamba wafikako pansi pa nyanja ya Chilwa iweyo? Ayi. Ine Edina ndinafikako, masana dzuwa likuswa mtengo, nditavala siketi yakusukulu, ndipo ndinabwerako osanyowa ngakhale kolala. Onani, ndanyambita chala, ndaloza kumwamba. Tulani ndowazo, mjigo suthawa.

Chinali chaka chija agogo anga a Elube anayamba kutsokomola mpunga utangotulutsa ngala. Poloti yawo ya mpunga ku sikimu yothirira ya Likangala mukuidziwa, ndipo ntchito yathu awirife inali kuinga mpheta, iwo ali pansanja akukoka chingwe cha zitini, ine ndili m'matope ndikugenda zibuma. Pakati pa phokoso lonselo ankangoti "Ndagi!" ine n'kuti "Gize!", ndipo ndikalephera ndinkawabaira ng'ombe monga mwa lamulo la ndagi, ng'ombe zapakamwa chabe, koma anandidyera khola lathunthu agogo amenewo.

Tsiku lina zitini zinangoti zii. Nditakwera pansanja ndinawapeza atatsamira mtengo, chingwe chili pamwendo. Kuchipatala anapitako, mapiritsi anamwa, chifuwa osasintha. Ndiye anandiitana n'kunena mosabisa: "Edina, ine chatsala n'chimodzi. Ndilaweko mpunga wa chaka chino, basi ndizipita."

Ndinati, "Simupita kulikonse, agogo." Iwo anangoseka, koma ine sindinkaseka.

Asodzi a m'zimbowera, aja amagona m'tinyumba toyandama pakati pa njedza, amanena kuti pansi pa matope pamene milamba imabisala nyanja ikauma pali chitsime, ndipo womwa madzi ake safa. Akuluakulu amangomva n'kupitiriza kusoka makoka awo. Ine ndinatenga chigubu chotha mafuta ophikira, ndinamasula bwato wa malume anga a Waisoni osawapempha, ndinazika nsungwi pansi n'kukankha kamodzi kokha, ndipo bwato unathamanga mwakuti chithunzithunzi changa chinatsala padoko chikuyang'ana uku ndi uku, mphepo inandipesa tsitsi n'kuliluka yokha, chilumba cha Chisi ndinachipitirira ngati chulu, ndipo udzudzu wa m'njedza, uja waukulu ngati akakowa, utandithamangitsa unatopa n'kupempha kuti ndiukweze. Mukumva?

Nditafika pakati penipeni ndinaona kuti kumira ndi kwa anthu opanda nzeru. Ndinagwira nyanja m'mphepete n'kuipinda ngati mphasa, matemba ndi makumba akuphiriphitha m'kati mwake, ndinaitsamiritsa pa bwato kuti isafunyuluke, ndinaboola matope ndi nsungwi n'kutsetsereka nayo mpaka mapazi anga anaponda pouma.

Kunsiko kuli mudzi, anzanga. Mudzi wa anthu amene anamwa madzi aja kalekale. Ndinawapatsa moni, iwo anati ayankha mawa, poti kumeneko palibe chothamangira. Akhala ndandanda pakhonde ngati nsomba zowamba, osawola, osanunkha, komanso osanona. Ndinaona mayi atakweza munsi m'mwamba, akuti anayamba kusinja agogo a agogo anga asanabadwe ndipo sanaone chifukwa choutsitsira lero. Ndinaona mwana amene dzino lake loyamba lakhala likufuna kumera kuyambira nthawi imene phiri la Zomba linali chulu. Mango onse anali osapsa. Anyamata anayamba nyimbo n'kuisiya pakati chifukwa panalibe amene ankakumbuka kuti nyimbo imatha bwanji. Ndipo mpunga, eee, mpunga kuchokera pano mpaka kumene maso alekezera, wobiriwira, woima chilili, wopanda mpheta ngakhale imodzi. Ine kuona zimenezo ndinangoti, kuno ndiye kwabwino, sainga mbalame. Mutu wanga unali pa chitsime basi.

Pachitsimepo panagona a Mlamba, mwini wake. Mutu wawo unali ngati denga la tchalitchi, ndevu zawo anthu ankayanikapo zovala, ndipo akaphethira mphepo yake inkagwetsa mbuzi. Anati madzi awo satungidwa ndi ana. Ndinawalumphira pakhosi, anaterera, ndinawagwira kumchira, anaterera, tinagubuduzana mpaka fumbi linatulukira pamwamba pa nyanja asodzi n'kumati kukupsa tchire, koma mlamba sugwirika ndi manja, zimenezo ngakhale Patuma akudziwa. Ndiye ndinaima, ndinapukuta thukuta, ndinakuwa kuti, "Ndagi!"

Palibe cholengedwa chimene chingamve mawu amenewo n'kukhala chete. A Mlamba anayesa kutseka pakamwa, masaya anatupa, kenako zinawapulumuka: "Gize!"

Ndinawaponyera ija agogo anandidyera nayo ng'ombe zambiri: "Mwana wa amayi anga pokula amaima chilili, akakhwima amaweramitsa mutu."

Anaganiza a Mlamba. Anaganiza mpaka ndere zinamera pamphumi pawo, ndevu zinapiringizana, anatchula chule, anatchula mtambo, anatchula nkhwangwa, pomaliza anati alephera. Ndinati ndibaireni. Anati ng'ombe alibe. Ndinati dzazani chigubuchi. Anadzaza akung'ung'udza, ndipo nditawauza kuti yankho lake ndi mpunga anakalipa: "Bodza! Ndakhala pano chiyambire dziko, mpunga sindinauonepo utawerama!" Ine ndinaseka umbuli wawo mpaka nthiti kuwawa. Chivindikiro cha chigubu chinali chitatayika pa ndewu ija, choncho ndinatseka ndi chitsononkho monga timachitira tonse, ndipo a Mlamba, pofuna kuti ndiwachokere, anandimenya ndi mchira kamodzi, ndinaboola matope, ndinafunyulula nyanja ndi chidendene podutsa, ndinakoka bwato wa malume ndi chala chaphazi, n'kukatera pamphepete pa poloti ya agogo. Mukumva? Chithunzithunzi changa chinandipeza mawa lake chitatupa mapazi.

Tsono apa m'pamene zinalakwika, ndipo wolakwa sindine. Agogo anali ndi tambala dzina lake Kapitawo, amene ankawatsatira kumunda tsiku lililonse ndipo ngakhale atadwala iye ankapitabe kukawayang'ana pansanja. Ine ndinaika chigubu pansi kuti ndimange bwato. Kapitawo anaona kuti pachitsononkho patsala njere, anajompha, chigubu chinagwa, iye anamwako, ndipo madzi ambiri anathamangira m'poloti. Ndinapulumutsa otsala pansi pa chigubu, okwana kapu imodzi, n'kuthamanga nawo kunyumba.

Agogo anamvetsera nkhani yonse maso ali otseka. Kenako anati, "Ika pakona apo. Ine mankhwala sindimwa ndi njala. Uyambe wacha mpunga."

Tinadikira. Mapoloti a anzathu anasanduka achikasu, anthu anamweta, anapuntha, matumba anakwera njinga kupita kumsika wa ku Songani, koma poloti ya agogo inali biriwiri, ngala zili njo kuloza kumwamba. Ndikafinya njere munkatuluka mkaka. Mpheta zinkabwera, kutera, kulawa, kulavula, n'kundiyang'ana ngati ndazinamiza. Nayenso Kapitawo anatichititsa manyazi. Kutabwera azimayi a kumpingo kudzaona odwala, malume anamugwira kuti akhale ndiwo, anadula mutu, mutu unadumpha n'kubwerera pakhosi, anadulanso, unabwereranso, anamuponya m'madzi owira iye n'kumasamba m'khwapa, anamuvindikira ndi mwala iye n'kulira kokoliliko m'poto momwemo, mpaka mpeni unatha ngati singano ndipo alendo anadyera chisoso.

Koma agogo ankangotha. Dzanja lawo linapepuka ngati phesi. Mmawa wina ndinathira madzi aja m'kapu, ndinagwada pamphasa pawo, ndinati, "Agogo, imwani, chonde. Mpunga uja sukucha. Mukapanda kumwa simuupeza."

Anayang'ana kapu, anayang'ana ine. "Ndikamwa ndiye ndiupeza? Ndidzakhala pakhonde ndi chifuwa changachi mpaka kalekale, kudikira mpunga wosacha, ndiwo yake tambala wosafa?" Anatsokomola, kenako anaseka. "Iwe mwana, ndagi unakapambana nayo pansi pa nyanja, koma sunaimve. Ine ndinavina, ndinakwatiwa, ndinabala, ndinaika mwamuna wanga, ndinakulera iwe wamakaniwe. Mutu wawerama chifukwa muli njere. Ukufuna undiimike chilili ngati udzu?"

Ndinalira, sindibisa. Misozi yanga inadzaza beseni, amayi anga anachapira zovala.

"Ukatha kulira undiuze," anatero agogo, "mpunga ukafuna kucha, alimi timatani?"

Ndinati, "Timachotsa madzi m'poloti."

"Nanga ukudikira chiyani? Ine njala yandipweteka."

Anzanga, zimene ndinachita tsiku limenelo a Mlamba akamva amabisa nkhope. Madzi amenewo sakanalowa m'ngalande ya sikimu, akanawononga mapoloti a anthu onse, choncho ndinatenga khasu la agogo, lija lakutha mbali imodzi, n'kuyamba ngalande yangayanga kuchokera papoloti kulunjika kunyanja, ndipo ndinakumba mwakuti dothi limene ndinkaponya kumbuyo linkagwa ku Mozambique anthu n'kumaumba nalo njerwa, khasu linatentha mpaka kufiira ndinalizimitsa ndi thukuta, mpini unathyoka ndinakumba ndi manja, zikhadabo zinatha ndinakumba ndi mbale, ndinadutsa pansi pa ng'ombe ikudya osadziwa, ndinalambalala manda mwaulemu, ndipo madzi osafa aja atakana kuyenda, poti kwawo sathamangira kanthu, ndinawakwapula ndi tsache ngati mbuzi zolowa m'dimba mpaka anathawira m'nyanja akulira. Mukumva?

Panatsala kapu ija. Ndinaima nayo pamphepete pa ngalande. Kulimbana ndi a Mlamba kunali masewera, anzanga, kapu imeneyo ndiyo inali yolemera kuposa nyanja yonse imene ndinapinda ija. Ndinaipendeketsa ndekha. Palibe anandigwira dzanja.

Dontho lomaliza litangopita, ndinamva kumbuyo kwanga kuti waaa, ngati mvula ikubwera. Kutembenuka, mpunga wonse ukuwerama, mzere ndi mzere, chikasu chikuyenda m'poloti ngati moto wolusa, ndipo mpheta zinatsika zambirimbiri mpaka dzuwa linabisika, ine n'kumavina m'matope ndikukoka zitini, ndikuzilalatira ndi chimwemwe. Ndinamweta, ndinapuntha, ndinasinja, ndinapeta, ndinaphika dzuwa lisanapendeke, ndipo fungo lake linafika ku Songani, ogulitsa pamsika anasiya malonda awo n'kumayenda mphuno zili m'mwamba.

Agogo anadzuka okha n'kukhala tsonga. Anatapa ndi zala, anatafuna pang'onopang'ono maso ali otseka, nthunzi ikuwaphimba nkhope. Ndinadikira kuti anene mawu aakulu. Anati, "Mchere wachepa." Kenako anati, "Onjezera." Anadya mbale yawo, anadya yanga, ananyambita zala, n'kundiponyera ndagi yatsopano imene mpaka lero sindinaimasule. Anakhala nafe mpaka thumba lomaliza litalowa m'nyumba, akuwothera dzuwa pakhonde, akulamula aliyense, ndipo mmawa wina anapita mwakachetechete, mutu utawerama pachifuwa.

Ndiye mukamaona nyanja ya Chilwa ikuuma mpaka njinga kumayenda pakati pake, anthu n'kumati yafa, kenako n'kubwereranso ndi matemba ake, muzidziwa kuti ndi madzi anga aja. Muzindithokoza.

Ukuti chiyani, Patuma? Ndikuonetse tambala wosafayo? Chabwino, pamenepo wandigwira. Kapitawo tinamudya pamaliro a agogo. Koma mvetsa bwino: mpeni sunamugonjetse ayi. Anayenda yekha kuchokera kukhola, anadutsa pakati pa anthu olira, anakagona pamapazi pa malume n'kutambasula khosi, chifukwa anali atatopa kupita kunsanja kukapeza palibe munthu. Ulendo uno malume atadula, mutu sunafune kubwerera pakhosi. Ndipo msuzi wake unakwanira mudzi wonse, ndi ochokera kutsidya omwe. Pali agogo anga kumanda, onse amene anadyako amanena mpaka lero kuti nkhuku yokoma chotero sanailawepo.

Senzani ndowa zanu. Amene akukayikabe abwere Loweruka ku poloti, mpunga wayamba kuwerama, adzandithandize kuinga mpheta.