Tsiku Limene a Gomer Anatizimitsira Nyali

Kuchigwa kwathu kuno aliyense ali ndi kamisala kake, koma malemu Gomer Prydderch anatiposa tonse: ankadya ndi makoswe. Sindikunena zoberedwa chakudya ayi. Ankachita kuitana, kugawa buledi, mpaka kufunsa makoswewo mmene adzukira. Ine Idwal ndinakumba nawo malasha m'khwalala limodzi la pansi mumgodi zaka zinayi, ndipo ndisakunamizeni, ankandinyansa mdalayo.

M'mawa uliwonse chikepe chikatitsitsa mumgodi, tinkayenda mtunda wathunthu pansi pa nthaka kuti tifike pakhomo pa khwalala lathu. Tinalipo asanu ndi awiri. Tikafika tinkakoleka nyali pamtanda, mzere umodzi, n'kukhala pansi kaye kuti maso azolowere mdima. Apo a Gomer ankagogoda katatu pachitini chawo cha chakudya. Ndiye muone! Timaso waliwali m'ming'alu yonse, michira ikukwekwereza pa nsapato zathu.

"Mwadzuka bwanji a Mathias? Pang'onopang'ono, siyirankoni anzanu."

Khoswe aliyense anali ndi dzina la mkulu wampingo wa kutchalitchi kwathu. Wonenepa kwambiri ndiye anali Mathias Pugh.

"Mudzatipatsa matenda inu," ndinkatero ine.

"Awa ndi makutu anga, Idwal. Denga likayamba kuganiza zoipa, amayamba kumva ndi iwowa. Tsiku limene sadzabwera, m'khwalalamu simudzalowa munthu."

Nkhani inawapeza a Mathias Pugh enieniwo. Lamulungu lina titaweruka, anaimitsa a Gomer pakhomo pa tchalitchi, anthu onse tikuona.

"A Gomer, ndamva kuti dzina langa mwapatsa khoswe."

"Zoona akulu, koma musade nkhawa. Ndi khoswe wolemekezeka. Pachakudya amafika woyamba, ndipo sindinamuonepo atagwira fosholo."

Abusa anakhosomola mpaka misozi. A Mathias anatha miyezi itatu osawapatsa moni a Gomer.

Tsono kuti mumvetse zimene zinachitika, mudziwe za nyali zathu. Zinali zokhoma ndi loko chifukwa cha mpweya woipa umene umaphulika ukaona moto. Nyali ikazima suyatsa wekha, umabwerera mtunda wonse uja kukayatsitsa pafupi ndi chikepe. Ndipo wozimitsa nyali ya mnzake mwadala, ntchito yatha tsiku lomwelo, nyumba ya kampaninso atulukemo.

Chinali chaka cha 1882, chija boma linatitsekera mowa Lamulungu kwathu kuno pomwe ku England ankamwabe, moti amuna onse m'chigwa muno ankangoyenda ndi mkwiyo. Mvula inali itagwa milungu itatu osakata. Mkazi wanga Gwenno anali wodwala pakati, mwezi wake womaliza, ndipo ine mutu wanga unali pa kudzaza ngolo za malasha basi. Lachiwiri m'mawa tinakoleka nyali, tinakhala pansi, a Gomer anagogoda katatu.

Zii.

Anagogodanso. Ananyema buledi, anamwaza. Kenaka anatulutsa tchizi, chinthu chimene ngakhale ife anzawo sankatigawira, n'kuika pamwala. Palibe ngakhale kamchira.

"Apita kukamwa mowa ku England amenewo," anatero wina, tonse n'kuseka.

A Gomer sanaseke. Anaimirira, anatenga piki, anagogoda denga uku khutu atatchera.

"Anyamata, lero sitilowa."

"Iii, mwayamba," ndinatero. "Kapitawo wadutsamo m'mawa uno, choko chake icho pamzati. Walemba kuti muli bwino."

"Kapitawo anaona ndi maso. Eni ake a muno asamuka usiku, ndipo sasamuka chabe."

"Ndiye ndikamuuze Gwenno kuti lero sitidya chifukwa khoswe wajomba? Chokani apo, mdala."

Anaima pakati pa khomo atatambasula manja, kamunthu kochepa ngati mwana wasukulu. Ndinawanyamula m'khwapa n'kuwaika pambali. Anzanga anayamba kudzuka, kukung'untha mathalauza. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge nyali yanga.

Sindinadziwe kuti mdala angathamange choncho. Ndinangoona fosholo ikudutsa pamphuno panga, n'kusesa mzere wonse wa nyali. Phwa! Zisanu zinazimira m'malere. Imodzi inagubuduka ikuphethira, iwo n'kuiponda. Yawo anaigwedeza kamodzi, basi.

Inu amene simunatsikeko pansi simudziwa mdima. Wa kumeneko umachita kukugwira kumaso. Wina anayamba kutchula dzina la Yesu, wina kutukwana. Ine ndinapapasa mpaka ndinagwira kolala ya malaya, ndipo ndinamenya. Ndinamenya ndi mtima wanga wonse, chibakera n'kumva chinthu chikuthyoka.

"Iwe galu wokalamba iwe! Ukufuna kutipha?"

"Menya, mwana wanga," anatero a Gomer mawu akutuluka ndi malovu, "koma umenye mwakachetechete. Tamverani."

Tinatchera khutu. Madzi ankadontha, tho, tho. Ndiye mkati mwa khwalala, kutali, mtengo unalira: tswa. Patapita kanthawi, tswa.

"Mizati imalira tsiku lililonse," ndinatero.

Panalibenso chochita. Popanda nyali sukumba. Tinagwirana malamba kumbuyo, a Gomer patsogolo akutsata njanji ndi phazi, ife pambuyo ngati ana a bakha. Mitu tinaigunditsa m'mitanda, mawondo tinasupula. Njira yonse iwo ankangoyankhula.

"Weramani apa. Apa pali chithaphwi, a Mathias amasambapo Loweruka."

"Mukangotchulanso khoswe, ndikuchotsani dzino lina," ndinatero.

Tinatha ola lathunthu. Titatulukira pa kuwala kwa pachikepe, tinakumana ndi kapitawo Watcyn Bowen, munthu woti akakwiya khosi limafiira. Anayang'ana nyali zakufa m'manja mwathu, anayang'ana a Gomer, magazi ali chuchuchu pandevu, dzino lakutsogolo palibe.

"Wazimitsa ndani?"

"Ndine, bwana."

"Zonse zisanu ndi ziwiri? Chifukwa?"

"Makoswe sanabwere."

Kapitawo anakalipa.

"Makoswe! Ine ndayendamo ndekha ndi miyendo yangayi, ndiye undiuze za makoswe? Gomer, kwera chikepe, usadzapondenso muno. Nyumba ija pofika Loweruka ikhale yopanda munthu. Enanu, nyali zanu aziyatsa izo. Amene satenga yake, akwere limodzi ndi wamisalayu."

Nyali zinayatsidwa, zinandandalikidwa pathebulo. Palibe anasuntha. Aliyense ankayang'ana nsapato zake, chifukwa kulira kwa mtengo kuja tonse tinakumva. Ine ndinaganiza za Gwenno, za mwana wobadwira pamsewu m'nyengo yozizira. Ndinapita n'kutenga nyali yanga, woyamba. Anzanga ataona choncho anatenganso zawo.

A Gomer anandigwira jekete.

"Idwal, mano ndikadali nawo ambiri. Chotsa onse, koma usapite."

Ndinawakankha. Ndinayenda mwina mapazi makumi awiri, anzanga ali pambuyo. Kenaka pansi pananjenjemera, ndipo kunamveka kugunda kumene sindinakumve ndi makutu okha, ndinakumva m'mimba. Chimphepo chinatuluka m'njira muja, chinandigwetsa chagada, fumbi lakuda bii, zipewa kuuluka, mahatchi okoka ngolo kulira m'khola lawo la mumgodimo. Nyali zonse zinazimanso.

Mumdimamo munamveka kamawu ka a Gomer: "Ulendo uno si ine, bwana."

Khwalala lathu lonse linali litatitimira, kuyambira pakhomo pomwe tinkakhala paja mpaka kumapeto. Anakumba milungu isanu kuti apeze mapiki athu.

Mukuganiza kuti anawabwezera ntchito? Ayi ndithu! Akuluakulu a kampani anati lamulo ndi lamulo, wozimitsa nyali sabwerera pansi. Tinapita tonse asanu ndi mmodzi kukawapempherera, anatiuza kuti titseke chitseko potuluka. A Gomer anasamukira m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi, ndipo amene anawapezera malowo ndi ntchito yosesa anali a Mathias Pugh. Anawapatsanso misampha inayi kuti athane ndi makoswe a m'tchalitchimo. Zaka zisanu ndi zitatu, tchizi ankatha m'misamphamo tsiku ndi tsiku, koma sunagwirepo kanthu ngakhale umodzi.

Chifuwa cha fumbi chinawagoneka chaka chatha. Ndinapita kukawaona ndi mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo, ndipo nditakhala pampando ndinayamba.

"A Gomer, za dzino lija..."

"Linali lobooka kale. Unandipulumutsa kwa wozula mano, amene uja ndi chigawenga." Anaseka mpaka kutsokomola. "Kamtsikana kako kali bwanji? Kayamba kuimba kwaya?"

Anamwalira sabata yomweyo. Bokosi tinanyamula ndife asanu ndi mmodzi aja. Watcyn Bowen anabwera kuti agwireko, tinamuuza kuti malo atha.

Masiku ano pakhomo pa khwalala timangokhala duu. Palibe woseketsa, palibe wotukwanidwa. Mtengo ukalira tonse timadzutsa mitu, kuyang'anana, ndipo palibe amene amadziwa ngati kuli kulira kwa masiku onse kapena kwina kuja. Timangolowa. Ine ndimalowa ndi mantha tsiku lililonse, ndipo ndimawasowa mdala uja koopsa.

Tsiku la maliro awo lija, pochokera kumanda, Gwenno anandigwira mkono.

"Ukudziwa, tsiku la ngozi lija a Gomer anadzera kunyumba iwe usanafike. Anandiuza kuti mwala ndi umene unawachotsa dzino, ndipo ukanapanda iwe kuwathandiza kuletsa anzako, onse akanalowa. Ndakhala ndikukunyadira zaka zonsezi, Idwal."

Anzanga asanu aja anali pomwepo, anamva, ndipo onse anayang'ana kumbali. Ndinayenda naye mpaka pakhomo pathu. Atatsegula chitseko ndinati, "Gwenno, usatereke kaye tiyi. Khala pansi ndikuuze amene anayamba kutenga nyali."