Tsiku limene ndinasenda sushi

Mpaka lero ndimakana kuti mlandu wonse unali wanga. Theka ndivomera, koma theka linalo lipite kwa munthu amene anayambitsa chakudya chodyera limodzi ndi chokulungira chake.

Mdzukulu wanga Lusiya anaphunzira zophikaphika ku Tete. Atabwera kuno ku Nsadzo kudzatithandiza kukolola, anamva kuti malo ena odyera alendo mumzindamo akufuna wophika. Patarau, mwini wake wa malowo, anati aliyense wofuna ntchitoyo atumize pa telefoni chithunzi cha chakudya chotchedwa sushi, chokonza yekha, dzuwa la Loweruka lisanalowe. Mwanayu ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Inenso ndinkamufunira, pa zifukwa zimene tinkadziwa ine ndi malemu mayi ake.

Loweruka m'mawa anaphika mpunga, n'kuthiramo vinagiri ndi shuga (inde, shuga mumpunga wodyera nsomba, ine ndinangoyang'ana kumbali). Kenako anatulutsa m'chikwama timapepala takuda tinayi totsala ku maphunziro ake, nati ndi ndere zouma za m'nyanja ya mchere. Pa kapepala kalikonse anayala mpunga, pakati n'kuika nkhaka, peyala ndi nsomba za m'chitini, n'kukulunga ndi kamphasa ka nsungwi. Inatuluka mipukutu inayi yonenepa ngati nzimbe. Asanayambe kudula anapeza telefoni yatha moto. Anakwera njinga kupita nayo kukatchaja kubaraka, kasitolo ka kumsika, atandiuza kuti ndiziingitsa nkhuku. Kuingitsa nkhuku basi.

Tsono mundimvetse. M'mudzi muno mbuzi ikaphedwa pamaliro kapena paukwati, wogawa nyama ndine. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusikola ya akulu, koma mpeni ndinaugwira ndisanamere ndevu. Munthu wotere mungamusiye pafupi ndi zinthu zofunika kudula, n'kumupatsa ntchito ya nkhuku? Ndinati mwana akabwera apeze zatha, angojambula.

Ndinanola mpeni wanga pamwala mpaka unameta cheya cha pamkono. Mpukutu woyamba ndinaukanikiza ndi dzanja lamanzere monga ndichitira ndi nthiti, n'kutsitsa mpeni mwamphamvu. Unaphwatalala. Peyala linatulukira uku, nsomba uko. Ndinayesa kucheka ngati wocheka matabwa, mpunga n'kumatirira kumpeni, ndipo chitsulo chimene chimadutsa m'khosi la tonde chinakanika kudutsa mpunga wophika.

Ndinakhala pansi kuti ndiganize, ndipo apa m'pamene nzeru zinandipweteka. Mkate wa nthochi timauphika m'masamba, koma ndani amadya masambawo? Chimanga timasenda, mbuzi timasenda. Ndinaona poyera kuti cholimba ndi chikopa chakudacho, ndipo mwana anangoiwala kunena chifukwa cha changu. Mpukutu wachiwiri ndinausenda bwinobwino ndi nsonga ya mpeni, chikopacho n'kuponyera mbuzi (inanunkhiza kaye, koma inadya). Wamaliseche uja nditangougunda ndi mpeni unamwazika mbale yonse. Ndinati mwina ndasenda mopupuluma. Ndinasendanso wachitatu, mofatsa.

Zitatero ndinayesa kuumba mpungawo ndi manja kuti ubwerere mwakale. Unandimata m'zala, pamalaya, m'ndevu momwe. Nkhuku zija zinaona kuti mlonda watanganidwa, zinabwera kudzathandiza.

Akazi anga aNaphiri anandipeza choncho pochokera kudimba.

"Kodi akuluakulu inu, mwana anakutumani zimenezi?"

Ndinawafotokozera za mkate ndi masamba ake, mwadongosolo. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunyamula mpukutu wotsalawo, n'kukautsekera m'nyumba, kiyi n'kumanga pansonga ya kapulana, nsalu yawo ya m'chiuno. Chikwatiranecho mayi ameneyu sananditsekerepo ngakhale kachasu. Tsiku limenelo ananditsekera mpunga.

Lusiya atafika anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ndevu zanga. Anafunsa kumene kuli timapepala tija, ndipo aNaphiri analoza mbuzi ndi mlomo. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa mawu oyankha ndinali nditakonza kale. Iye anangokhala pakhonde, n'kunena motsitsa kuti mapepala amenewo sapezeka kwina konse koma ku Tete, ndipo ngakhale wa mota, njinga yamoto, sangapite n'kubwerako dzuwa lilipo. Nkhope ija ndinaionapo kale, pa malemu mayi ake.

Patapita kanthawi anadzuka.

"Agogo, ndibwerekeni mpeniwo."

"Sudula zimenezi, mwanawe. Ndayesa ine."

"Mubwerenso ndi madzi m'kapu."

ANaphiri anatulutsa wamndende uja. Mwanayo anapukuta mpeni, n'kuuviika m'madzi. Mpukutuwo sanaukanikize, anangougwira ngati dzira, n'kukoka mpeni kamodzi cha kwa iye. Anapukutanso, kuviikanso, kukokanso. Tinatuluka tizidutswa tozungulira ngati mawilo, toyera mkati, pakatikati pobiriwira. Tsono ndifunse inu owerenga: ndani akanadziwa kuti mpeni umafuna kumwa madzi? Pa nyama mpeni wonyowa umaterera m'manja. Chinsinsi chachikulu chotere munthu n'kupita nacho kumsika, n'kundisiyira nkhuku.

Tizidutswato anatiyala pa kambale kakang'ono kuti tioneke tambiri, n'kujambula ali pafupi. Ine ndinaimitsidwa kumbuyo, manja m'mwamba, nditatambasula nsalu yotchinga dzuwa, anthu akudutsa pamsewu n'kumandipatsa moni. Atatumiza chithunzicho anandipatsa kachidutswa ka kumapeto, kosaoneka bwino. Ndinayamba kukasenda ndi chikhadabo.

"Ndi chikopa chomwe, agogo."

Ndinadya. Chinandimata m'kamwa, fungo lake ngati la dziwe louma. Ndinameza ndikumuyang'ana, ndipo m'pamene anaseka koyamba.

Patarau anayankha mkati mwa sabata. Anati tizidutswa tachepa, koma kadulidwe n'kaukhondo, abwere adzamuyese mwezi umodzi. Ndinamuperekeza kumsewu kukakwera chapa, kaminibasi kopita ku Tete, chikwama chake chili pa njinga yanga. Mwezi unatha, sanamubweze. Ali komweko mpaka pano.

Koma tsiku lomuperekezalo, nditabwerera kunyumba, ndinapisa dzanja kutsindwi kumene ndimasomeka mpeni wanga. Kunalibe. ANaphiri anati mwana wautenga, ndipo wasiya mawu: m'makhitchini onse amene anagwiramo sanaonepo mpeni wakuthwa chotere, ndipo agogo asadandaule, mpeniwo ulibe mlandu.

Lero pamaliro ndimagawa mbuzi ndi mpeni wobwereka, wobuntha ngati khasu la mlesi. Anthu amati ndinyadire, chitsulo changa chikudyetsa azungu mumzinda. Kunyada ndimanyada ndithu. Zodya chokulungira ndiye sindidzazivomereza mpaka kumanda. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mawu aja. Ndawatembenuza uku ndi uku, ndafunsanso aNaphiri kangapo kuti ngati mpeni ulibe mlandu, mwanayo ankanena kuti mlandu ngwa yani. Iwo amangondipatsa madzi akumwa.